Malaya Amene Ndinasokera Komputadori

Roza ndi Tome, ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chimene ndinamalizira ntchito ku Zóbuè pamene nyumba yathu ndi bambo anu zinali ku Moatize. Ndinkakuyankhani kuti ntchito ndi momwemo, amakutumiza kumene afuna. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Tsopano ndapuma, makaderno anga olembamo za tsiku ndawaunjika pano patebulo, ndipo ndikufuna mudziwe mmene zinayendera.

Zóbuè, ntchito yoyamba

Nditangomaliza sekondale ndinalembedwa ntchito yotaipa makalata mu ofesi ya sukulu ina ku Zóbuè. Ndinakhalapo zaka zambiri ndikumenya makina achitsulo, mpaka nsonga za zala zanga zinauma ngati chikopa. Za nthawi imeneyo palibe zambiri zonena, kupatula chizolowezi chimodzi chimene ndinachoka nacho pa benchi la sukulu. Profesora wathu wa Chipwitikizi, mayi wamtali wosaseka, anatilamula kuti aliyense akhale ndi kaderno yolembamo za tsiku, ndipo tsamba lililonse liyambe ndi dzina la tsikulo ndi mmene kunja kwachera. Anzanga anasiya mayeso atangotha. Ine sindinasiye. Mpaka lero dzanja langa silitha kulemba kanthu lisanalembe kuti kwazizira, kwatentha, kapena kuli mitambo. Bambo anu ankandiseka, ankati ndinakwatiwa ndi kaderno, iwo anangobwera pambuyo.

Moatize, malasha atafika pachimake

Bambo anu atapeza ntchito yoyendetsa galimoto ku mgodi tinatsikira ku Moatize. Bungwe lina laling'ono la wailesi ya m'dera linkafuna munthu wodziwa kutaipa, chifukwa ankaganiza kuti wodziwa kutaipa ndiye wodziwanso komputadori. Ndinali nditapitirira zaka makumi anayi, ndisanayatsepo komputadori ndekha. Ndinavomera.

Shefi wathu, mkulu wa bungwelo, anali a Domingo, bambo wonenepa, wa mtima wabwino koma wamantha ndi katundu. Malo oulutsira mawu anali kwina, koma chipinda chojambulira chinali kuseri kwa nyumba yawo, mmene kale ankasungiramo simenti. M'makoma anakhomamo matiresi akale ndi makatoni a mazira. Munkalowa oimba atatu basi, wachinayi ankaponda mawaya. Zida zathu zinali komputadori yopinda, mikolofoni imodzi, mafoni ovala m'makutu, ndi kabokosi kachitsulo kamene tinkati plaka, kolandira mawu kuchokera ku mikolofoni n'kuwapereka ku komputadori. Katswiri wina wa ku Tete anabwera masiku atatu kudzandiphunzitsa. Zambiri zinandidutsa, koma chimodzi ndinachigwira. Anandionetsa nambala ina pagalasi n'kundiuza kuti ndiziiona ngati chidebe. Komputadori imatunga mawu m'chidebemo n'kuwanyamula. Chidebe chikakhala chaching'ono imathamanga maulendo ambirimbiri, mawu amafika msanga m'makutu a woimba, koma ikatopa imataya ena panjira. Chikakhala chachikulu sitaya, koma woimba amamva mawu ake omwe mochedwa. "Chisiyeni pa 128, dona, musachikhudze," anatero, n'kukwera shapa, kaminibasi kaja, kubwerera kwawo.

Mdani wathu tonse anali fumbi. Akaphulitsa miyala ku mgodi, mtambo wakuda unkayenda pang'onopang'ono n'kutera paliponse. Mkazi aliyense wa ku Moatize ankavundikira zinthu zake: ufa, ndowa ya madzi, mbale, wailesi, ngakhale Baibulo. Komputadori yoyamba ya bungwe inafa ine ndisanabwere, ndipo ataitsegula anapeza m'kati muli bii ngati m'mbaula. A Domingo anavutika chaka chathunthu kuti apeze ina, choncho ankaiyang'ana ngati khanda lobadwa masiku osakwana. Ine pofuna kuonetsa kuti sanalakwitse kundilemba, ndinatenga kapulana yanga yobiriwira, nsalu imene ndinkavala m'chiuno, ndinaipinda pawiri, pakati n'kuikamo thonje, ndipo ndinasokera komputadoriyo malaya pathupi pake penipeni, osavulika. Ndinasiya galasi, mabatani ndi mabowo olowetsa mawaya. Timipata tonse ta pansi ndi ta m'mbali ndinatseka mosamala kwambiri, popeza ndimo munkalowera fumbi. Pa msonkhano wa bungwe a Domingo anainyamula m'mwamba kuti onse aone. "Awa ndi malaya a ukwati," anatero. "Amene adzawavule, ntchito nayo imuvule." Anthu anaseka, koma mlembi analembadi mawuwo m'malamulo a bungwe. Tsamba langa la tsiku limenelo likuti: "Lachisanu. Kwazizira pang'ono. Shefi andiyamikira pamaso pa onse. Ndikuona kuti ntchito ino ndiitha."

Junyu, chaka chomwecho

Tsiku lina anafika bambo wina wamfupi, wa manja osweka, dzina lake a Kandidu, ali ndi amayi asanu ndi mmodzi. Anali woumba njerwa. Mudzi wawo unali pamene tsopano pali dzenje la mgodi, ndipo anali m'gulu la mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme. Kumeneko sanapeze dothi la njerwa, ndiye manja atasowa chochita pakamwa panayamba kupeka nyimbo. Zinalipo zisanu ndi zinayi. Nyimbo iliyonse inkatsata njira imodzi ya mudzi wakale, kuchokera pachitsime, kudutsa pa mitengo ya masau, kutchula nyumba ndi nyumba, uyu anayandikana ndi uyu, mpaka yomaliza imene inkafika kumanda n'kutchula ogona kumeneko monga mmene anagonera. A Kandidu ankatchula mayina, amayiwo ankavomereza. Amayiwo ankangodziwa zovomereza zokha. Ndondomeko ya mayina inali m'mutu mwa a Kandidu okha, ndipo iwo sankalemba.

"Ana obadwira ku Cateme akuyesa kuti tinagwa m'galimoto ya kampani," anandiuza. "Amve kuti tinali ndi kwathu, mwanangu."

Tsiku limenelo mawu awo anali osasa. Anati ndi chifuwa chabe cha nyengo yozizira. Tinagwirizana kuti ndijambule amayiwo kaye, atatuatatu chifukwa cha kuchepa kwa chipinda, iwo akuwatsogolera ndi dzanja, kenako mawu akadzachira adzaimbe mbali yawo akumvera amayiwo m'mafoni. Ntchito inayenda bwino masiku awiri, popanda vuto ngakhale limodzi.

Otubru, sabata yoyamba

Anabweranso patapita miyezi inayi, dzuwa la Moatize likuswa mtengo, ali ndi akazi awo mayi Filomena. Anali ataonda. Mayi Filomena ndi amene anayankhula, popeza amuna awo ankasunga mawu. Dotolo anali atapeza chotupa pakhosi, ndipo ankawatumiza ku Beira kukachita opareshoni Lachitatu la sabata yotsatira. Anawauza mosabisa kuti moyo akhoza kubwera nawo, koma mawu n'zokayikitsa. Tinatsala ndi masiku asanu ndi anayi. Akanatha kubwera podumphitsa tsiku, shapa ya ku Cateme inkawafikitsa cha m'ma 11, ndipo mawu awo ankapirira ola limodzi lokha asanayambe kutsokomola.

Tinatseka chitseko ndi zenera kuopa fumbi ndi phokoso la magalimoto, ndinawaveka mafoni, tinayamba. Mphindi khumi ndi zisanu zoyamba zinayenda ngati madzi. Kenako m'mafoni munamveka thee, thee, ngati munthu akuthyola tinkhuni, ndipo mawu anayamba kuduka. Nditabwezera kuti timvere, dzina lina linayamba koma silinathe, lina linasowa lonse, nyimbo inangolumpha nyumba ziwiri ngati sizinakhaleko. Ndinakumbukira za chidebe. Ndinaphwanya mawu a katswiri uja n'kukweza nambala mpaka 1024. Kuduka kunatha. Koma a Kandidu atangoimba mzere umodzi anaima n'kuvula mafoni.

"Muli munthu m'makutu muno akunditsanzira," anatero. "Ndikatchula Fulede, iye akubwera pambuyo n'kutchulanso Fulede."

"Ndinu nomwe, akulu inu," anatero mayi Filomena. "Mwakumana naye lero woyankha mochedwa. Zaka zonsezi ndimakufunsani m'mawa, mumandiyankha madzulo."

Tinaseka, koma kuseka kwanga kunali kwa mano okha. Munthu sangaimbe akudzimva mochedwa. Amadikirira mawu ake osadziwa, lilime limalemera, ndipo a Kandidu ankatsalira amayi aja kufikira dzina linkagwera pamwamba pa chovomereza. Ndinayesa kuwachotsera mawu awo m'mafoni kuti azimva amayi okha, koma posadzimva anayamba kukuwa, ndipo chifuwa chinawagwira mpaka misozi. Ndinati avule foni ya khutu limodzi, zinapezeka kuti khutu lamanzere linagontha kalekale. Maplaka a masiku ano ali ndi kabatani komupatsa woimba mawu ake asanalowe mu komputadori. Yathu inali yotsika mtengo, inalibe. Tsiku limenelo anabwerera ku Cateme ndi theka la nyimbo.

Masiku otsatira ndinaimba mlandu chilichonse chimene maso anga anaona. Ndinati ndi waya wolumikiza plaka, ndinakagula wina kwa a Issa, Msilamu wogulitsa zamagetsi pafupi ndi msika. Sizinasinthe. Ndinakagulanso wina. Ulendo wachitatu a Issa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Dona, mawaya anga mukuwathira mu ndiwo kodi?" Ndinati ndi magetsi, ndinapempha akazi a Shefi kuti tizimitse firiji yawo ola limodzi, iwo anavomera nkhope ili gwa. Ndinachotsa komputadori ku magetsi kuti iyende ndi batire, zinafika poipa. Ndinafufuta nyimbo zakale za makwaya kuti ipepukidwe. Ndinasuntha tebulo kuchoka kukhoma poganiza kuti ndi kunjenjemera kwa nthaka sitima ya malasha ikamadutsa. Ndinaimbira katswiri wa ku Tete, anati ali ku Nampula, ndikweze chidebe. Ndinati ndakweza, woimba akudzimva mochedwa. Anati ndiye nditsitse.

Chondizunza kwambiri chinali chakuti m'mawa ndikayesa ndekha, ndikuwerenga nyuzi pa mikolofoni, zonse zinkamveka bwino. Ndinkapuma, ndikuti lero latheka. Akangofika a Kandidu, chitseko n'kutsekedwa, pakapita kanthawi, thee, thee. Kuyesa kulikonse kunkadya mawu awo, ndipo mawuwo sankabwerera. Lachitatu anali ochepa kuposa Lolemba, Lachisanu ochepa kuposa Lachitatu. Pofika Lachisanu tinali ndi nyimbo imodzi yathunthu, yolumikiza zidutswa. A Kandidu sanadandaule. Pochoka anangoti, "Ndatenda, mwanangu, mwayesetsa," ndipo mawu amenewo anandiwawa kuposa kutukwanidwa. Mayi Filomena anatsalira pakhomo n'kundinong'oneza kuti, "Lolemba tikakhala ku chipatala kutenga makalata a ulendo. Latsala Lachiwiri lokha. Ngati n'zosatheka tiuzeni, asamalize mawu ake pachabe. Ana ake nawo akufuna awamveko."

Lamulungu

Nditabwera ku Misa sindinathe kudya. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kuja, Tome ukuukumbukira, n'kutsegula kaderno kuti ndilembe mantha anga monga ndinkachitira ndili mtsikana mayeso akayandikira. M'malo molemba ndinayamba kuwerenga chobwerera m'mbuyo, kufunafuna tsiku limene vutoli linayamba. "Lachisanu. Kwatentha koopsa. Mawu aduka." "Lachitatu. Kwatentha, mphepo kulibe. Mawu aduka." Ndinabwerera mwezi wathunthu. Mu Setembru tinali titanyamula zida kupita ku Zóbuè kukajambula kwaya ya mpingo wina: "Loweruka. Kuno kumapiri kukuzizirabe, ndavala juzi. Tajambula maola anayi, zonse bwino." Ndinabwereranso: "Lachinayi. Lero kwafunda kwa nthawi yoyamba. Pa uthenga wa katemera mawu aduka kamodzi, kaya chifukwa chiyani." Junyu yense, kwazizira, kwazizira, palibe kuduka. Ndinatenga pensulo n'kuchonga masamba onse a kuduka. Panalibe ngakhale limodzi loyamba ndi kuzizira.

Pamenepo ndinazindikira kuti vuto ndi kutentha, ndipo ndinadziwa amene anatseka timipata topumira ta komputadoriyo, ndi ulusi wobiriwira, mosamala kwambiri.

Lolemba

Ndinayatsa komputadori, ndinatseka chipinda monga tinkachitira, ndinadikira. Patapita theka la ola ndinapisa zala pansi pa malaya aja. Munali moto ngati simbi yositira. Nditagunditsa khutu ndinamva kachipupizira mphepo ka m'kati kakubuula ngati mbuzi yomangidwa pakhosi. Ndinapita kukhonde kumene a Domingo ankamwa tiyi, ndinawaonetsa kaderno, ndinawauza zonse, ndi zakuti wolakwa ndine. Ndinapempha chilolezo chovula malayawo tsiku limodzi.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Dona Veronika, yoyamba ija ndinaiona ndi maso anga. Sinafe ndi kutentha, inafa ndi fumbi. Za kutenthazi mwaziona mu kaderno."

"Ikani dzanja, Shefi, mumve nokha."

"Moatize yense ndi wotentha, ine ndemwe ndikutentha. Tamverani. Komputadori iyi si ya a Kandidu okha. Ndi imene timajambulira uthenga wa maliro, wa katemera, wa mbewu. Ikafa, ndikagogoda kwa yani? Inu munasoka, bungwe linavomereza, zinalembedwa. Mukufuna ndikawauze kuti tonse tinaomba m'manja chinthu chopusa?"

"Ndikawauza ndine, Shefi."

"Mwina mukulondola, mwina ayi. Dikirani katswiri abwere ku Nampula aone."

"Akubwera sabata ya mawa. A Kandidu akunyamuka mkuja."

Sanali munthu wouma mtima, ndipo ndinaona kuti zikuwapweteka. "Mawa ndili ndi msonkhano ku Tete," anatero. "Jambulani mmene mungathere. Malaya asavulidwe."

Lachiwiri

Ndinapita ku ntchito ndi lumo langa losokera m'chikwama, ndisanatsimikize ngati ndiligwiritse. Ndinkaganiza za inu awiri, Roza uli kalasi yomaliza, ndi za msinkhu wanga, kuti ndani angalembenso ntchito mayi wochotsedwa chifukwa cha kusamvera. Ndinkaganizanso kuti bwanji ngati ndadula koma mawu n'kudukabe. Pamenepo ndikanataya zonse ziwiri.

Anafika cha m'ma 11. A Kandidu anakhala pampando, anavala okha mafoni, n'kundiyang'ana modikira. Manja awo anali pamaondo, manja osweka aja. Ndinatembenuza komputadori, ndinalowetsa lumo pamsoko wa pakona. Ndinali nditasoka molimba kwambiri moti ulusi unkakana.

"Mukuivula mkwatibwi?" anafunsa mayi Filomena, amene anali atamva za lamulo lija kwa akazi a Shefi.

"Akubanika, mayi."

"Bweretsani kuno, mudula waya." Anatenga lumo n'kumaliza okha, mwaukhondo, ngati akusenda nthochi.

Thonje la m'kati linali lofunda ngati lachoka pamoto. Ndinakatenga makapu anayi a tiyi, ndinawavundikira patebulo, komputadori n'kuikhazika pamwamba kuti mphepo izidutsa pansi. Ndinabwezera chidebe pa 128. Tinagwirizana kuti nyimbo ikatha tizitsegula chitseko, mayi Filomena azikupiza komputadori ndi lichero limene anabwereka kukhitchini, ine ndizipatsa amuna awo madzi ofunda. "Zaka makumi anayi sindinakukupizenipo inu," anawauza, "lero ndikukupiza makina chifukwa cha inu. Imbani bwino."

Nyimbo yachiwiri inayamba. Maso anga anali pa wotchi. Mphindi khumi, khumi ndi zisanu, makumi awiri. Ndinkadikira thee uja. Sanabwere. A Kandidu anatseka maso, dzanja lawo linayamba kuyenda m'mwamba ngati akuloza nyumba zimene akudutsa. Yachitatu inatha, yachinayi, yachisanu. Tili pakati pa kupuma, chitseko chili chotsegula, nthaka inagunda pansi pa mapazi athu. Anali ataphulitsa ku mgodi, ndipo mphepo inkawombera kwathu. Ndinayang'ana komputadori ili maliseche pa makapu ake. Ndinaipinda msanga, mayi Filomena anamasula kapulana yawo yapamwamba n'kuifunditsa, tinatseka chitseko, n'kukhala atatu m'chipinda chotentha kudikira fumbi lidutse. Pafupifupi theka la ola linatayika. A Kandidu ankatsokomola pang'onopang'ono, ndipo kutsokomola kulikonse ndinkakuwerenga.

Yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu ndi chiwiri zinatuluka mawu akukhwekhwereza. Yachisanu ndi chitatu tinaiyamba kawiri. Pofika yomaliza, ya kumanda, anatsegula pakamwa koma nyimbo sinatuluke. Anayesanso, kunangotuluka mpweya. Mayi Filomena anasiya nthabwala. Ine ndinasendeza mikolofoni mpaka inatsala pang'ono kukhudza milomo yawo, ndinakweza mphamvu pa plaka, n'kunena kuti, "Bambo, musaimbe. Ingotchulani." Amayi aja anayamba m'mafoni, ndipo pampata uliwonse a Kandidu ankanong'ona dzina. Linalowa lililonse pamalo pake, lisanachedwe, lisanaduke, mpaka lomaliza, limene linali la mayi awo owabereka. Nditaimitsa makina, anavula mafoni n'kuwapukuta thukuta ndi malaya awo asanandibwezere.

Madzulo a Domingo anapeza malaya obiriwira aja nditawapinda patebulo pawo. Ndinawapatsa mafoni, anamvera nyimbo ziwiri ataimirira. Atamaliza anati, "Nyimbo zamveka. Lamulo nalonso linamveka." Sanandichotse tsiku limenelo, ndipo sanalamule kuti ndisokenso.

Chaka chotsatira

Komputadoriyo inagwira ntchito yopanda malaya miyezi khumi, osadulanso mawu. Ndinkaipukuta ndi kaburashi m'mawa ndi madzulo, ndinkaifunditsa ikazima. Mwezi wa mphepo ndi fumbi utafika, tsiku lina inangokana kuyaka. Katswiri ataitsegula anapeza m'kati muli bii. Sanathe kunena ngati inafa ndi fumbi lokha kapena inali itapsa kale m'malaya anga, ndipo njira zonse ziwiri zinkaloza ine. Pa msonkhano mlembi anawerenga lamulo lija. A Domingo anachonderera anzawo kuti ndisachotsedwe, m'malo mwake anditumize ku Zóbuè, ku kaofesi kolandirira mauthenga a maliro ndi a ziweto zosowa. Ndinakhala kumeneko mpaka kupuma, ndikubwera kwa inu Loweruka lokha. Bungwe linakhala miyezi isanu ndi iwiri lopanda chojambulira. Makwaya ankabwezedwa pakhomo, uthenga wa katemera unkawerengedwa pakamwa. Mpaka lero sindinganene kuti a Domingo analakwitsa.

Tsiku losamukira ku Zóbuè ndinatsika shapa pamphambano ya ku Cateme, chikwama chili kumutu. Chimbale cha nyimbo ndinali nditachitumiza kalekale kwa a Kandidu kudzera mwa mbale wawo, koma sindinamvepo kanthu, ndipo ndinkaopa kufunsa. Njira yonse ndinkadzifunsa ngati ndikawapeze amoyo, ndiponso ngati chimene ndinatayira ntchito yanga chinangosungidwa pansi pa bedi.

Ndinawapeza pakhonde, kansalu koyera kali pakhosi. Anandizindikira, anadzuka, milomo inati mwanangu koma mawu panalibe. Mayi Filomena anatuma uthenga kwa anansi, ndipo posakhalitsa amayi aja anafika, ena ndi ana kumbuyo, wina atanyamula wailesi ya chimbale ndi batire ya galimoto. Wailesiyo inali yovundikira ndi kansalu ka zingwe zoluka. Mayi Filomena anandiyang'ana, anakachotsa n'kukaponya paphewa. Anandiuza kuti nyimbozo amaziimba pa maliro ndi pa ubatizo, ndipo amayi awiri aloweza kale mayina a njira zitatu.

Mawu a a Kandidu anatuluka mu wailesi, amayiwo anavomereza pamaso panga, amoyo, oposa asanu ndi mmodzi. Mwini wake anakhala pakati, dzanja likuyenda m'mwamba, milomo ikutchula dzina lililonse limodzi ndi wailesi.

"Mwawaona?" anatero mayi Filomena, akundigunda ndi chigongono. "Chichokereni ku Beira sanachedwepo kuyankha."

Ndili mu shapa yokwera kumapiri ndinatulutsa kaderno n'kulemba pabondo. Zilembo zake n'zokhotakhota chifukwa cha msewu, koma mukhoza kuziwerenga, zili mu kaderno yachikuto chofiira: "Loweruka. Kwatentha, kuli fumbi. Mayina onse amveka."